Kumatula Zimene Tinamata

Kwa zaka zitatu ndinawabisira bambo anga chinthu chimodzi: guluu wawo, yemwe anatilera tonse n'kutiphunzitsa sukulu, ankadya mapepala a anthu. Ndinkadziwa ine, ankadziwa mchimwene wanga, ndipo kumapeto kwake theka la tauni linkadziwa. Eni ake okha ndi amene ankakhala pakhonde la shopu, ndodo ili pakati pa miyendo, n'kumauza aliyense wodutsa kuti pepala limene iwo anamata lidzaona zidzukulu.

Ndiyambe ndi kumene guluuyo anachokera. Bambo anakhala ku Joni zaka zambiri, monga amuna ochuluka a kwathu kuno. Anzawo ankagwira ntchito m'mahotela ndi m'makhitchini, koma iwo anagwera m'fakitale yopanga tepi yomatira makatoni. Ntchito yawo inali yotsuka migolo ya guluu. Munthu wotsuka migolo palibe amamuwerengera, ndiye ankaona zonse: choyamba kuthiridwa, chotsatira, ndi nthawi yotakasa. Anabwerako ine ndili sitandade thu, ali ndi sutikesi, chipewa, chifuwa chosatha, ndi chitsulo chimodzi chobulungira, chotalika ngati mkono, chosalala kwambiri. Anzawo anabwera ndi njinga ndi mawailesi. Mayi atachiona chitsulocho anachitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa ngati chimenechi ndi chimene anakhalira zaka zonsezo.

Koma bambo anali ataona malonda pa chinthu chimene enafe tinkangochidandaula. Kuno pepala silikhalitsa. Mvula ya ku Nkhata Bay siyendera kalendala, ndipo chinyezi chimalowa ngakhale m'sutikesi yokhoma. Chimene nguwi yasiya, mphemvu zimamaliza. Pamenepo n'kuti ife tili anthu okonda mapepala kuposa mtundu wina uliwonse umene ndikuudziwa. Munthu wa kuno akhoza kuyenda ndi nsapato yobooka kunsi, koma kalata yake ya ubatizo, chikalata cha ukwati, satifiketi ya mwana ndi chithunzi chimene anajambulitsa atavala suti, zimenezo amazisunga ngati mazira. Mlendo akafika, tiyi asanapse, sutikesi yatuluka kale kunsi kwa bedi. Ndiye bambo anati anthu awa ungowapatsa pulasitiki yomata yophimbira mapepala awo, adzakudyetsa mpaka kalekale. Pamenepo pokha sanalakwitse.

Anayambira pakhonde lakuseri kwa nyumba yathu, kumtunda kumene doko limaonekera pansi. Pulasitiki yopyapyala inkabwera pa sitima kuchokera kumwera, ili m'mipukutu. Mphira ankagula ku esiteti, zotsalira zija zimaumira m'makapu okhetsera utomoni. Ankaiduladula ndi sizasi ya mayi, n'kuiviika m'mankhwala onunkha ngati petulo mpaka isungunuke, kenako n'kuthiramo utomoni wa paini. Muyeso wake unali m'mutu mwawo ndi pa chala chawo chachikulu. Akatosa n'kutukula chala, ulusi wa guluu ukaduka msanga, ankapukusa mutu. Ukatalika mpaka kufika pachifuwa, ankati wapsa. Zikatero tinkayala pulasitiki patebulo la galasi, iwo n'kuthira guluu kumutu kwake, n'kukoka chitsulo chija kamodzi kokha, kuchokera uko mpaka kuno, osaima. Ukaima pakati pamatsala mzere. Guluu akauma pang'ono tinkaphimba ndi pepala lopaka phula n'kukulunga mpukutu.

Tsiku lopaka linali ndi malamulo ochuluka kuposa Sabata. Osasesa, osakazinga nsomba, osapesa tsitsi pafupi. Kukachita mitambo ntchito inkaima, chifukwa guluu wopaka pachinyezi amachita mbuu. Mdani wamkulu anali nkhungu, tizilombo touluka tija timatuluka m'madzi ngati utsi. Anzathu akaona mtambo wake ukubwera kumtunda ankathamangira malichero kuti akole ndiwo, ife tinkathamangira mawindo. Tsiku lina tinachedwa, ndipo ntchito ya sabata yathunthu inada bii ndi tizilombo. Mayi anaseka mpaka kukhala pansi, n'kunena kuti tsopano ntchito yeniyeni ya chitsulo cha ku Joni yapezeka, tizikolera ndiwo. Bambo sanawalankhule masiku awiri.

Ntchito yanga inali yomata papepala penipenipo, poti ndinali ndi zala zosanjenjemera. Umayamba mbali imodzi, kansalu kali m'manja, n'kumasisita pang'onopang'ono uku ukusenda pepala la phula. Kathovu ka mpweya kakatsekeredwa palibe kubwerera, chifukwa guluu wa bambo akagwira wagwira. Ndinayamba ndi zikuto za makope a kusukulu. Pofika fomu thu ndinali nditayamba kupatsidwa masatifiketi, eni ake ataima pamutu panga osapuma. Ndikamaliza, bambo ankalitukula pepalalo kuloza kowala, n'kulipereka ndi manja awiri ataimirira. "Ichi chidzaona zidzukulu zanu," ankatero. Ndipo ankakhulupiriradi. Anali mkulu wa mpingo, sankanena chinthu pongofuna malonda.

Anthu atazolowera, anayamba kubweretsa chilichonse. Makhadi a kusikelo, ziphaso za asodzi, makalata akale ochokera ku Joni ndi ku Harare, tsamba la nyuzipepala limene panatuluka dzina la mphwake wa munthu. Mkulu wina anabweretsa kalata imene anamuchotsera ntchito, akuti ana ake adzaone mmene anamulakwira. Ifenso kunyumba tinamata zonse zimene zinali ndi inki. Mayi ankati tsiku lina adzadzuka atamatidwa iwo, ndipo bambo ankayankha kuti zingathandize, poti pakamwa pangatsekeke.

Bizinesi inakula mmene zimakulira zinthu za pabanja, popanda pulani, chipinda ndi chipinda. Tinachoka pakhonde n'kupeza shopu pafupi ndi msika. Matebulo a galasi anakhala atatu. Aphunzitsi ankagula mipukutu yophimbira mabuku, amayi ogulitsa usipa wa m'mapaketi ankafuna timapepala tomata tolembapo mtengo, ndipo sitima ikamanyamuka inkatenga makatoni athu kupita ku Likoma ndi ku Usisya. Nyengo ya zotsatira za mayeso mzere unkafika kwa ogulitsa kaunjika. Mchimwene wanga wamkulu, amene mutu wake umathamanga pa za malonda, anabweretsa makina odula masitika a pa minibasi ndi pa maboti, n'kuyamba kuitanitsa mipukutu yopakapaka kale kuchokera ku Tanzania. Bambo ankaitchula kuti pulasitiki ya aulesi. Anakangana chaka chathunthu mpaka anagawana: iye anakatsegula shopu ku Mzuzu, ife tinatsala ndi magalasi, chitsulo ndi kamakina kamodzi ka masitika. Ine ndinali nditayesako uphunzitsi ndi ukwati. Zonse ziwiri sizinandigwire, ndinabwerera patebulo.

Mayi atamwalira, maso a bambo anayamba kuchita mdima. Madokotala anayesa mbali yawo, koma anati si ng'ala yoti n'kuchotsa. Posakhalitsa ankangosiyanitsa usana ndi usiku. Chitsulo anandipatsa ine, iwo n'kutsala ndi mpando pakhonde la shopu, mphuno ndi chala. Guluu aliyense amene ndasungunula ndinkayamba ndawatengera m'kachitini kuti atose.

Woyamba kubwera ndi pepala loonongeka anali mphunzitsi wina wamkazi wa ku Chintheche. Ankafuna kukwezedwa pantchito, ndipo anamuuza kuti apite ndi satifiketi yake yeniyeni. Anaitulutsa mu envulopu. Pepala linali lofiirira ngati tiyi, litamwa mafuta moti ukaika chala kuseri chinkaonekera. Dzina lake linali litafalikira, zilembo zitalowana. M'mbali munkatuluka guluu wonata. Dzanja langa ndinalizindikira pompo, chifukwa munalibe kathovu ngakhale kamodzi. Koma pakamwa panga panatuluka zina. Ndinamufunsa ngati sanaisiye padzuwa, kapena pafupi ndi nyali ya palafini. Anati yakhala m'Baibulo zaka makumi awiri. Ndinamuuza kuti ndiye mwina vuto ndi inki. Mpaka lero ndikakumbukira mmene anatsekera envulopu ija n'kundithokoza kuti yewo, manyazi amandigwira.

Nditafika kunyumba ndinakoka sutikesi yathu. Zonse zinali panjira yomweyo, zakale kwambiri zili patsogolo. Chimene chinandimaliza ndi kalata ina ya agogo imene tinaiwala kuimata. Mphemvu zinali zitaidya m'mbali, nguwi itaidetsa, koma mawu onse ankawerengeka.

Mphira imakalamba, nkhani yonse ndi imeneyo. Ku fakitale kuja bambo anaona zonse zolowa mumgolo, koma tepi ya pakatoni sifunika kukhala zaka makumi awiri. Katoni ikafika amaing'amba n'kutaya, ndiye palibe amene anaonapo ukalamba wake. Ife tinatenga guluu wa miyezi itatu n'kumupatsa ntchito ya muyaya.

Kumatula ndinaphunzirira pa mapepala athu omwe. Pamafunika simbi yofunda pang'ono pamwamba pa nsalu, lezala, thonje loviika m'mankhwala omwe aja osungunulira mphira, ndi kudekha kumene ine sindinabadwe nako. Pepala limodzi linkadya theka la tsiku. Ndipo ndinaona msanga kuti nkhani yagona pa nthawi. Pepala likangoyamba kuchita chikasu limapulumuka. Likafiira umapulumutsa theka. Mafuta akalowa mpaka kuseri, zilembo zimachoka limodzi ndi pulasitiki, umatsala ndi pepala lopanda kanthu m'dzanja ili, dzina la munthu lili m'dzanja linalo. Mwezi uliwonse umene anthu sankadziwa, m'masutikesi mwawo munkafa kanthu.

Ndinamuimbira foni mchimwene. Anafunsa ngati madala akudziwa. Nditati ayi, anati zikhale choncho. Anati munthuyo watsala ndi chiyani, maso alibe, mkazi alibe, watsala ndi dzina lokha, ndipo ndikawalanda limenelo ndikonzeretu bokosi. Anawonjezera kuti dzina lomwelo ndi limene lalembedwa pa shopu ya ku Mzuzu. Ndikanakonda kunena kuti ndinamutsutsa. Sindinatero. Mtima wanga unakhala pansi, chifukwa wina anali atanena mokweza zimene ine ndinkafuna kumva.

Ndiye tinayamba moyo wa makomo awiri. Kutsogolo bambo ankalandira anthu ndi lonjezo lawo la zidzukulu. Kuseri, kumene timatayira madzi, ndi kumene ine ndinkalandirira obwera ndi maenvulopu. Ndinkawapempha kuti asawauze bambo, ndipo anthu a kuno, amene sasunga chinsinsi ngakhale cha mimba ya mwezi umodzi, ichi anachisunga. Ankawalemekeza. Mapepala atsopano ndinasiya kuwamata ndi guluu wathu. Ndinagula kamakina kotenthetsa pulasitiki n'kukabisa kuseri kwa kabati. Koma Lolemba lililonse ndinkasungunulabe mphira yokwana kachitini kamodzi, kuti bambo atose n'kundiuza kuti ndachepetsa utomoni. Akatosa ndinkakataya. Akafunsa chifukwa chimene mankhwala akununkhira tsiku losapaka, ndinkati ndikutsuka magalasi, iwo n'kundiyamikira ukhondo.

Ndinatopa, ndisaname. Si kutopa kwa ntchito kokha, ngakhale kuti msana unkayaka ndipo zala zinasenda ndi mankhwala. Kunali kutopa kokhala ndi khutu limodzi pakhonde tsiku lonse, kumvetsera amene wafika ndi zimene akunena. Ndinayamba kupsa mtima ndi zinthu zopanda pake. Bambo akayamba nkhani ya ku Joni ndinkawadula pakamwa, iwo n'kumaganiza kuti ukalamba wawo ndi umene wanditopetsa. Ndipo obwera kukhomo lakuseri anali okhawo amene anatsegula sutikesi mwangozi, kapena kunong'onezedwa ndi mnzawo. Ena onse, a ku Usisya, a kuzilumba, a kumapiri, ndinkadziwa kuti alipo. Ndinkangoti ndidzaona mawa. Zoti zengerezu adalinda kwawukwawu ndinaziphunzitsapo ana m'kalasi, koma kuphunzitsa mwambi n'kosavuta.

Kamodzi kokha ndinayesa kuwauza. Tinkakwera mtunda wopita kunyumba, dzanja lawo lili paphewa langa, ndipo ndinayamba ndi kufunsa ngati mphira singasinthe ikakhalitsa. Anaima kuti apume, n'kuyankha kuti ya ena ingasinthe. Kenako anati pa moyo wawo wonse sanamange nyumba yosanja, sanagule galimoto, koma palibe nyumba m'boma lino imene mulibe ntchito ya manja awo, ndipo zimenezo zikuwakwanira. Ndinati n'zoona. Tinapitiriza kukwera.

Tsiku limene zinaululika ndinali nditatsikira kudoko kukalandira katundu. Kunali anthu ambiri, ndipo ndinachedwa. Pobwerera ndinapeza mayi wina wamasiye wa mumpingo mwathu atakhala pabenchi pafupi ndi bambo. Anali wosamva bwino, ndipo amene anamulondolera kwa ine anaiwala kumuuza za khomo. Chikalata chake cha ukwati chinali m'manja mwa bambo. Ankachisisita m'mbali ndi chala chachikulu, n'kumatukula chalacho, ulusi wa guluu wovunda ukutsatira. Kenako anachinunkhiza.

"Ndimawauza ada kuti inu mumakonza zimenezi," mayiyo anandiuza mokweza, akumwetulira. "Akuti aliyense akumabwera kwa inu kuseriko."

Ndinamuuza kuti adzabwere Lachisanu, ndinamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo ndinachedwa dala pobwerera. Bambo anali asanasunthe.

"Zilembo zikuoneka?" anafunsa.

"Zina, ada."

"N'chokhachi?"

"Cha, si chokhacho."

"Zingati?"

"Zonse, ada. Zakale zatsogola, zatsopano zikubwera m'mbuyo."

Anafunsa kuti ndinadziwa liti. Ndinaganiza zonena kuti chaka chimodzi, koma mabodza anali atandithera. Nditati zaka zitatu, anayamba kufunsa za ntchito ngati kuti tikukambirana za mpukutu umene walakwika: ngati zimamatuka, ndimagwiritsa ntchito chiyani, simbi imatentha bwanji. Ndinafotokozanso za chikasu ndi kufiira. Pasiteji kondakitala ankaitana a ku Mzuzu.

"Ndiye zaka zitatuzi, amene sanamve za khomo lako lakuseri, mapepala awo amadikira ndani?" anafunsa bambo.

Ndinayamba kunena zoti ine ndi mchimwene tinkaopera mtima wawo, koma sanandilole kumaliza.

"Mtima wangu unali pampando pano, mwana wangu. Sunali kuvunda m'sutikesi."

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi nditapeza poyambira kulira, koma anangondipatsa chikalata chija n'kundiuza kuti ndichiyambe tsiku lomwelo, Lachisanu kuli kutali.

Loweruka anandituma kwa mlembi wa mpingo kukapempha mphindi ziwiri pa nthawi ya zolengeza. Mchimwene anatsika ndi minibasi yoyamba kudzawaletsa. Anayesa zonse. Anati tingomata kapepala pakhomo la shopu, kapena tinene kuti tayamba ntchito yatsopano yokonzanso mapepala akale, ndiponso kuti tikavomera pagulu anthu adzatitengera kukhoti. Bambo anamumvetsera mpaka kumapeto, n'kumufunsa ngati wabwera ndi jekete, poti mawa akakhala kutsogolo. Mchimwene anabwerera ku Mzuzu tsiku lomwelo.

Lamulungu kutchalitchi ndine ndinawagwira mkono kupita nawo kutsogolo, atangotha kulengeza za maliro ndi za msonkhano wa amayi. Anavala suti ya ku Joni, imene inali itayamba kuwakulira. Analankhula m'Chitonga, mawu ochepa. Anati kwa zaka zambiri akhala akuuza anthu kuti pepala lomatidwa ndi iwo lidzaona zidzukulu, ndipo zimenezo si zoona. Anati guluu wawo akudya mapepalawo, ndipo akudya ngakhale panopa pamene tikupemphera. Anapempha aliyense kuti akafika kunyumba asayambe ndi chakudya, ayambe ndi sutikesi, ndipo atumize uthenga kwa abale a kutali. Kumatula anati n'kwaulere.

"Sindinadziwe," anatero pomaliza, "koma ndinalonjeza ngati wodziwa. Mundikhululukire."

Za ine sananene kanthu. Ndinaima pambali pawo maso ali pasimenti, ndikudziwa kuti ambiri mwa amene akundiyang'anawo anadzerapo kale kukhomo lakuseri. Mbusa anachedwa kutchula nyimbo yotsatira. Potuluka anthu anatipatsa njira yaikulu kuposa masiku onse, ndipo sindinadziwe ngati ndi ulemu kapena akutithawa. Bambo anangodandaula kuti nsapato zikuwathina.

Lolemba tinapeza anthu atatidikira kale. Uthenga unakwera sitima ndi maboti, ndipo masabata otsatira kunabwera anthu amene ndinawaona komaliza ndili mtsikana, ena atasenza sutikesi yonse pamutu. Ena anatukwana, ndipo anali ndi chifukwa. Kalaliki wina wopuma pantchito anatinyoza m'Chingerezi kwa ola lathunthu, atatha anakhala pansi n'kuyamba kundigwirira thonje. Ambiri ankangokhala pabenchi n'kumadikira ngati kuchipatala. Mphunzitsi wa ku Chintheche uja sanabwerenso. Shopu sinagwe monga ankaopera mchimwene. Masitika a minibasi anapitiriza kutidyetsa, ndipo lero tili ndi makina awiri ndi antchito asanu, koma mipukutu yonse ndi yoitanitsa. Patebulo la galasi sitinapakepo guluu chiyambire Lamulungu limenelo.

Bambo anadzipatsa ntchito yosankha. Pepala lililonse linkayamba ladzera m'manja mwawo. Ankalisisita, kulinunkhiza, n'kutchula mulu wake: ili lingadikire mwezi, ili lero lomwe, ili latha. Sankaphonya kawirikawiri. Likagwera pa mulu wachitatu ankaimirira, ngakhale mawondo ankawavuta, n'kupepesa kwa mwini wake. Tsiku lina nditaona kuti aimirira kambirimbiri dzuwa lisanafike paliwombo, ndinawauza kuti azipepesa atakhala, anthu amvetsa. Anati polonjeza sanali atakhala.

Sabata yachitatu kunabwera msodzi wina wa ku Usisya, bambo waimvi, wa manja okhakhala ndi zingwe. Sanabwere ndi satifiketi. Anamasula kansalu n'kutulutsa chithunzi chimodzi chaching'ono cha mwana wake wamkazi, amene anamwalira ali sitandade sikisi. Anati ndi chokhacho chimene mwanayo anajambulitsa, ndipo anabwera nacho kwa ife mwezi womwe anamuika m'manda, kuti chisaonongeke. Ndinachiyang'ana. Yunifolomu inkaoneka, ndi manja atagwira buku. Kumtunda kwa kolala kunali banga lofiirira basi.

Bambo anachisisita, anachinunkhiza, koma mulu sanatchule. Anatembenukira kumene ndinali.

"Nkhope ikuoneka?"

"Cha, ada."

Msodzi uja anagwedeza mutu ngati akutithandiza. Sanali wokwiya, ankangofotokoza. Anati sachitulutsa kawirikawiri chifukwa mkazi wake amalira, koma pa Khirisimasi yapitayi anachiona. Chinali chachikasu, inde, koma maso ndi pakamwa zinkaoneka bwinobwino. Ndiye anafunsa ngati akanabwera nthawi imeneyo zikanatheka.

Funso limenelo linali langa. Ndine ndinachimata chithunzicho, ndipo ndine amene pa Khirisimasi imeneyo ndinali nditadziwa kale kwa zaka ziwiri. Ndinatsegula pakamwa, koma bambo anali atayamba kale kupapasa ndodo yawo. Anaimirira pang'onopang'ono, dzanja limodzi lili patebulo.

"Zikanatheka, ada," anamuuza. "Uthenga unachedwa kukufikani. Ndine ndinachedwetsa."

Msodziyo anayankha m'Chitonga kuti palivi kanthu. Anakulunga chithunzi chake m'kansalu komwe kaja, mosamala ngati kuti mukadali chinthu choti chingaonongeke, n'kufunsa ngati tikudziwa nthawi imene boti la kwawo linyamuke. Bambo anakhala pansi. Anakhala ndi moyo miyezi isanu ndi iwiri kuchokera tsiku limenelo, ndipo za zaka zitatu zija sanazitchulenso, ngakhale kuti ine ndinkadikira tsiku lililonse. Koma tsiku la msodzi lija anangotambasula dzanja kuti ndiwapatse pepala lotsatira, ndipo ndinawapatsa.